Bwemba wa Kuseri kwa Nyumba Yathu ku Lirangwe

Ana inu, kope ili ndachita kupempha kwa mmodzi wa inu, ndipo ndikulemba pang'onopang'ono, pakuti sukulu ndinalekezera panjira nditangodziwa kulemba kalata ndi kuwerenga buku la nyimbo. Mukapeza chilembo chopendama musaseke, inu amene mumalemba pa foni ndi chala chimodzi, khosi lili zyoli ngati nkhuku ya chitopa. Nkhani iyi pakamwa yandikanika zaka zonsezi. Ndikati ndiyambe, mawu amathawa. Ndiye ndati bola pepala, lilibe maso.

Nyumba ya njerwa imene mumafikira ku Lirangwe ija sinali choncho kale. Inali ya mitengo, yophoma ndi dothi, denga la udzu, chitseko cha bango chotsekera ndi mpiringidzo. Chaka ndi chaka chiswe chinkadya nsanamira, ife n'kumachirikiza. Pansi ndinkazira ndekha ndi dothi lakuda la kudambo, n'kukulungiza ndi mwala wosalala mpaka powala. Inu mukapaka polishi kamodzi mumati msana wathyoka.

Kuseri kwa nyumbayo kunali mitengo itatu. Iwiri inali ya mango, imene agogo anga anadzala atangofika kuchokera ku dziko la Apwitikizi. Wachitatu unali wa bwemba, umene iwo anaupeza uli kale pamalopo. Pansi pa mango ndi pamene tinkasinjira, kusenda nandolo ndi kuphika kalongonda m'chilimwe. Bwemba anali chakumapeto, pafupi ndi nkhokwe.

Ndinakwatiwa ndili wamng'ono, nthawi ya Chitaganya. Agogo anu aamuna, a Laitoni, anabwera kudzakhala kwathu monga mwa mwambo wathu, koma ntchito ankagwira ku bwalo la ndege ku Chileka, yotchetcha udzu. Ankagona komweko, n'kumabwera Loweruka pa njinga. Ine ndinali wamanyazi osati masewera. Chaka choyamba chonse sindinadyepo iwo akuona. Akandifunsa kanthu ndinkayankha ndikuyang'ana zala za kumapazi kwanga. Ku Chilekako ndinapitako kamodzi, wapansi, ndi chinangwa chootcha m'kansalu. Ndege itabwera ikulira ndinaponya mtolo n'kuthawira m'munda wa eni ake. Anzawo a kuntchito anawaseka agogo anu mwezi wathunthu.

Mimba yanga yoyamba sinathe bwino. Mwana anabadwa osalira. Masiku amenewo mwana wotero ankati ndi mtayo, ndipo analibe maliro. Panalibe bokosi, panalibe nyimbo, ndipo kulira ankaletsa. Amayi akuluakulu okha ndi amene ankamutenga n'kukamuika pa kadzenje kosaya, chifukwa ankati mukakumba mozama mayi ake sadzaberekanso. Amuna sankapitako ndipo sankauzidwa malo ake. Ankati mkazi akaululira mwamuna malowo, mimba imatsekeka. Bambo wa mwanayo ankangouzidwa kuti zalephereka, iye n'kuwerama, basi.

Ine sanandionetse mwanayo. Koma patapita masiku, amayi anga anandigwira dzanja n'kupita nane pa bwemba paja. Pakati pa mizu iwiri panali phale lovundikira, lokwiririka theka.

"Posesa uzilambalala apa," anatero amayi. "Ndipo usunge pakamwa."

Amayi anamwalira azakhali anu a Estere atangoyamba kukwawa. Odziwa za phale lija tinatsala awiri, ine ndi amayi aakulu a Esinati, mkulu wawo wa amayi anga, amene nyumba yawo inali kutsidya kwa munda wa chinangwa.

Estere ali kumsana, agogo anu anayamba kunena za njerwa. Ankaona nyumba za makalaliki ku Chileka, za malata ndi mawindo agalasi, mtima osakhazikika. Anati nyumba yathu aikulitsa chakuseri, zipinda ziwiri, kenako agwetsa makoma akale n'kumanga onse ndi njerwa zootcha. Anapeza mmisiri, Che Bwanali, Myao wa ku Mdeka, munthu wanthabwala amene kofia yake sinkachoka kumutu. Iye ndi amuna awiri anaponda dothi n'kuumba ndi chikombole milungu itatu. Madzi onsewo ndinatunga ine ndi akazi anzanga, pamutu, ndi mitsuko. Njerwa zitauma anaziunjika uvuni kuseri kwa nyumba.

Za nkhuni palibe anandiuza. Ine ndinali ndisanaonepo njerwa zikuotchedwa. Ndinkayesa amatola nkhuni kutchire ngati zophikira. Sindinkadziwa kuti uvuni umafuna zipika zazikulu zoti ziyake usana ndi usiku.

Linali Lachinayi, mwezi umene mango amachita maluwa. Ndinapita ku mtsinje kukachapa. Pobwerako, ndili patali, ndinaona kuti nyumba yathu yasintha koma sindinadziwe chasintha n'chiyani. Kuseri kwake kunali kowala kwambiri. Ndinaima panjira, beseni lili pamutu, n'kumadzifunsa ngati ndasochera. Nditazungulira nyumba ndinapeza mitengo ya mango yonse iwiri ili gone. Maluwa anali mbwee pabwalo lonse, njuchi zikuzungulirabe pa nthambi zimene zinali pansi. Mtondo wanga anali atausunthira padzuwa. Zitsa zinali zoyera, zikutuluka utomoni.

Beseni ndinalitula osadziwa kuti ndalitula pati. Mitengo imene amayi anga anakwerapo ali mtsikana inatha pa nthawi imene ine ndinachapa matewera asanu ndi chilundu chimodzi.

"Mwabwera, mayi," anatero Che Bwanali akupukuta thukuta. "Taonani bwalo lakula. Tsopano ndege za abambo zikhoza kumatera pompano."

Anzake anaseka. Ine ndinagwada poteropo, n'kufunsa ndi mawu amene ine ndemwe sindinawamve bwino, kuti wawauza ndani.

"Eni nyumba. Anati yonse itatu. Uyu yekha watikanika," analoza bwemba ndi nkhwangwa. "Bwemba ndi mwala, nkhwangwa imachita kudumpha. Abambo abwera ndi sowo yaikulu Loweruka. Koma moto wake, mayi, njerwa zidzalira ngati belu. Tikagwetsa tikumbanso chitsa, chifukwa maziko a chipinda chachiwiri adutsa pomwepo."

Anapita n'kukaima pamene maziko adutse. Phazi lake linali pafupi ndi phale lija, kutalika kwa chikhatho changa. Kukumba chitsa, pa kadzenje kosaya kaja. Ndinaona m'maso mwanga zimene khasu lidzatukule, ndipo ndinalowa m'nyumba ndikukwawa.

Madzulo ake ndinadutsa m'munda wa chinangwa kupita kwa amayi aakulu. Ndinawapeza akusenda chinangwa cha makaka. Ndinawauza zonse. Iwo anamvetsera mpeni osaima.

"Mango aja ndamva kugwa kwake ndili pompano," anatero. "Mkamwini wa njinga ameneyu watilaula. Koma zinazo, mwanawe, sizinenedwa."

"Akumba, amayi."

"Uwauze kuti umafuna bwemba wa phala la mwana."

"Akakana?"

"Ulire. Mkazi akalira mwamuna amasiya."

"Bwanji mukawauze ndinu, poti ndinu aakulu?"

Mpeni unaima. "Ine ndiyankhule ndi mkamwini? Ndinayamba ndakumanapo naye maso? Ndipo ndikamuuze chiyani, chomwecho chimene tikuti sichinenedwa? Iwe uli ndi mwana mmodzi. Ukatsekula pakamwa, Estere ameneyu ndi yemweyo mpaka ukalamba. Ndaziona ine zimenezi."

Inu lero mumawapatsa moni wa pamanja apongozi anu, n'kukhala nawo pa sofa imodzi mukuonera mpira. Nthawi imeneyo mkamwini akaona apongozi ake aakazi akubwera ankapatukira kutchire, ngakhale muli chitedze. Choncho amayi aakulu sankanama. Sakanatha.

Lachisanu ndinachita nzeru za munthu wopanda mawu. Ndinakokera mtondo pansi pa bwemba. Ndinamangirira mbuzi pa muzu. Ndinayala mphasa n'kuyanikapo mphale, ngakhale munthu wanzeru sayanika mphale pamthunzi. Ndinabweretsa mafuwa, mitsuko, lichero, chilichonse. Ndinkaganiza kuti akaona katundu wambiri achita manyazi.

Che Bwanali anaima n'kumayang'ana, manja ali m'chiuno.

"Mayi, mwasamuka? Mukanatiuza, sitikanavutika ndi njerwa. Tikanangokuikirani chitseko pa mtengopo."

Ndinati mthunzi watsala ndi womwewu.

"Zoona," anatero, ndipo nthabwala inachepa pang'ono. "Mango aja nanenso anandiwawa, anali ndi maluwa. Koma mthunzi wa malata ndi wabwino, sugwetsa mbozi. Mawa mudzachotse mbuziyo, ingadzaphwanyike."

Loweruka dzuwa lili pamutu ndinamva belu la njinga. Sowo inali itamangidwa m'litali mwa njinga, yaitali kuposa njingayo, mano ake atakulungidwa ndi chiguduli. Agogo anu anali osangalala ngati mwana. Anayang'ana zipika za mango zimene zinali zitaunjikidwa pa uvuni n'kugwedeza mutu kuyamikira. Ndinawapatsa madzi nditagwada.

"Make Estere, bwanji nkhope? Mwezi wamawa ukhala ukugona m'nyumba ya njerwa."

Ndinati, "Bwembayo musiye. Ndi wa phala la mwana."

"Bwemba?" Anaseka. "Pa msika wa Lirangwe amagulitsa mulu wonse ndi kobiri. Ndizikugulira mpaka mano achite dzanzi."

"Ndi wa makolo."

"Mango ajanso anali a makolo, ndipo sunanene kanthu. Makolo akanakonda mdzukulu wawo azigona modontha? Sowoyi ndabwereka, Lolemba m'mawa ikufunika kwa eni ake."

Ndinayesa kulira monga anandiuzira amayi aakulu, koma misozi sinabwere. M'maso munali gwa. Amuna aja anamasula mbuzi, anachotsa mtondo, anapinda mphasa ndi mphale womwe. Mmodzi anakwera n'kumanga chingwe pa nthambi yaikulu kuti mtengo ugwere kumunda. Che Bwanali anatenga khasu kuti apalase dothi la patsinde, sowo ilowe pansi bwino. Anayambira mbali ina, akubwera chozungulira.

Sindikumbukira kuyenda kwake. Ndinangopezeka ndakhala pansi pakati pa mizu iwiri ija, pamwamba pa phale, Estere ali pamiyendo, msana nditatsamira mtengo. Ine amene sindinkadutsa pamene amuna akhala.

"Make Estere, dzuka," anatero agogo anu motsitsa mawu. "Pali anthu pano."

Ndinakumbatira Estere, osasuntha.

"Wayamba liti zimenezi? Dzuka, ukundichititsa manyazi."

Anandigwira pamkono. Sanali munthu womenya, ndipo sanandikoke mwamphamvu, koma ndinamva thupi langa likunyamuka, ndipo khasu la Che Bwanali linali litafika pa muzu woyamba. Ndinayang'ana Estere. Ndinaganiza kuti chabwino, akhale yekhayu. Kenako ndinawayang'ana agogo anu m'maso, koyamba chikwatiwire.

"Pali mwana pano," ndinatero. "Wathu uja. Ali pansi pa phale ili."

Dzanja lawo linandisiya. Amene anali mu mtengo uja anatsika osauzidwa, ndipo iye ndi mnzake anapita kukaima kuseri kwa nkhokwe, atatifulatira. Che Bwanali anaika khasu pansi pang'onopang'ono, n'kubwerera m'mbuyo akuyang'ana pamene mapazi ake anaponda. Milomo yake inkayenda, akupemphera m'chinenero chawo.

Agogo anu anayang'ana phale, anayang'ana ine, anayang'ananso phale. Nkhope yawo inachita phulusa.

"Pano?" anatero. "Ine Loweruka lililonse ndimakonzera njinga pano. Ndimatsamiritsa pa muzu uwu." Anakhala pansi pafumbi ndi buluku lawo la kuntchito. "Zaka zitatu. Ndimayesa munapita naye kutali, kudambo."

Che Bwanali anakonza kukhosi.

"Abambo, ine pamenepa sindikumbapo, ngakhale mutandichotsa ntchito. Ndipo mayi, mundikhululukire za chitseko zija."

Tsono mmisiri uja anasanduka munthu wina. Anatenga ndodo n'kulemba mzere pansi kuzungulira mtengo, motsata pamene nthambi zalekezera. Anati mizu ya mtengo imafika pamene mthunzi wake wa masana umafika, ndipo mkati mwa mzerewo musalowe khasu, musaunjikidwe njerwa, musathiridwe madzi a laimu. Anati uvuni uli pafupi kwambiri, moto wake uwaula masamba mbali yonse ndipo mtengo udzauma ngakhale sitinaudule. Ndiye uvuni wonse uja, umene anaumanga masiku anayi, anaupasula n'kuusamutsira kutsogolo kwa nyumba, njerwa imodziimodzi. Anadula minga ya mthethe n'kutchinga motsata mzere uja kuti aliyense wobwera kudzathandiza asalowemo. Ofunsa ankangouzidwa kuti mayi amakonda bwemba.

Nkhuni zinaperewera. Zipika za mango zokha sizinakwane, ndipo njerwa za mbali imodzi ya uvuni zinatuluka zosapsa, zofumbutuka m'manja. Chipinda chachiwiri chinalephereka. Chimene chinamangidwa ndi kachipinda kaja mumati kositolo, kamene mumadandaula kuti bedi silikwanamo. Agogo anu sananenepo za chipindacho mpaka imfa yawo.

Amayi aakulu sanandiyankhule mpaka mvula inagwa. Akazi kuchitsime ankati ndikafika nkhani n'kuduka. Ndipo chaka chinatha, china n'kutha, Estere akuthamanga, ine osatenga mimba ina. Mwezi uliwonse ndinkati zija ananena zija ndi izi. Chaka chachitatu ndi pamene anabadwa atate ake a ena mwa inu, ndipo pambuyo pawo anabwera ena asanu, mpaka ndinayamba kupempha Mulungu kuti atsekeko pang'ono. Musandifunse ngati mwambo uja unali wabodza. Ine ndikudziwa mantha a zaka ziwiri zija, basi.

Koma ndibwerere ku Loweruka lija, chifukwa sindinamalize. Amuna aja atapita kukayamba kupasula uvuni, tinatsala awiri pansi pa mtengo, ndi Estere ali m'tulo. Agogo anu anali chikhalire pafumbi.

"Anali wamwamuna kapena wamkazi?" anafunsa.

Ndinati sindidziwa. Sanandionetse, ndipo sindinafunse.

"Iwe mayi ake sudziwa?"

"Sindidziwa."

Anadzuka, osasasa n'komwe fumbi, n'kulowa m'munda wa chinangwa. Nditaona kumene akulowera ndinabereka Estere n'kuwatsata chapatali. Anafika kwa amayi aakulu, pakhomo pamene chikwatire anali asanapondepo. Amayi aakulu anali pakhonde, ndipo atawaona anadzifunditsa chilundu kumutu n'kutembenukira kukhoma. Agogo anu anagwada pakati pa bwalo, padzuwa, chipewa chili m'manja, nkhope atalozetsa kumbali.

"Amayi, ndalakwa kubwera. Mbuzi ya mlandu ndipereka. Ndangofuna kudziwa chinthu chimodzi, ndipo sindidzafunsanso china. Mwana wanga uja anali ndani?"

Amayi aakulu sanatembenuke. Nkhuku zinadutsa pakati pawo. Agogo anu osasuntha. Kenako ndinamva mawu akutuluka m'chilundu muja, akuyankhula ngati akuuza khoma, koma ine ndinali patali, sindinamve.

Agogo anu anaomba m'manja katatu, nadzuka. Anandipeza nditaima m'chinangwa, ndipo sanadabwe kundiona.

"Anali wamkazi," anatero. "Akuti anali ndi tsitsi lambiri, ngati lako."

Pamenepo ndi pamene ndinamulira mwana wanga, patatha zaka zitatu, masana, pakati pa munda, mwamuna ataima pambali panga atanyamula Estere. Amayi aakulu anamva ali pakhonde pawo, ndipo sanatume munthu kudzandiletsa.